Kusamuka ndi Zomera za m'Machubu ndi m'Miphika: Malangizo kwa Mabanja a m'Chidikha cha Kasungu

Pamene msika wa fodya wa ku Chinkhoma wayandikira kutsekedwa, zigafa zitatsala zopanda kanthu ndipo mabelo otsiriza atakwezedwa, m'misewu ya fumbi ya kwa Santhe, kwa Wimbe, kwa Chulu ndi ku Chamama mumayamba kuoneka ngolo, njinga ndi malole osenza mphasa, mapoto, matumba a chimanga ndi nkhuku zomangidwa miyendo, pakuti imeneyi ndiyo nyengo imene mabanja ambiri a m'dera lino amasamuka. Chiyambire zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya anachuluka m'chidikha chino, anthu akhala akubwera kuchokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Machinga kudzagwira ntchito ya fodya. Ndipo ngakhale Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'chaka cha 2021, kuyendayenda kwa mabanja sikunathe, popeza ena akubwerera kwao, ena akukafuna malo kwina, ndipo aphunzitsi, apolisi, anamwino ndi abusa amatumizidwa kumalo atsopano monga mwa masiku onse. Pamwamba pa katundu wotereyu kawirikawiri pamakhala kamtengo ka mango kapena ka ndimu m'chubu chakuda, kapena duwa la amayi m'chitini, masamba ake akukupizika ndi mphepo. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zambiri mwa zomera zimenezi, zimene zinathiriridwa mokhulupirika chilimwe chonse ndi madzi osenza pamutu, zimakafika zitauma kale. Kabuku kano kalembedwa kuti imfa yotereyi ichepe, pakuti nzeru zofunika pa ntchitoyi anthu a ku Kasungu ali nazo kale, anaziphunzira ku nazale ya fodya, koma amaziiwala tsiku la msamuko likawapanikiza.

Zonyamula ndi zosiya

Ntchito yoyamba ichitike kudakali milungu itatu kapena inayi, ndipo ntchito yake ndiyo kusankha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo banja lofuna kunyamula chilichonse chobiriwira cha pakhomo limakafika ndi dothi lolemera lokhalokha. Funsani za chomera chilichonse ngati chingapezekenso kumene mukupitako, ndiponso ngati chingathe kuyenda mwa njira ina yopepuka koposa m'chubu. Papaya, gwafa, tsabola, nimu ndi chammwamba zimamera msanga kuchokera ku njere, ndipo njere zouma bwino zokulungidwa m'pepala zimakwana m'thumba la malaya. Chammwamba chimaphukanso kuchokera ku nthambi yodula. Udzu wa tiyi uja wonunkhira ngati ndimu mungong'amba tsinde limodzi, n'kumeta masamba ake, n'kulikulunga m'chiguduli chonyowa. Nsangu, umene ulidi mtengo wodalitsika m'munda wa chimanga, uli ndi muzu umodzi wothamangira pansi umene sufuna kusokonezedwa, choncho n'kwabwino kutola njere zake kusiyana ndi kuyenda nako kambande kamene kakhalitsa m'chubu.

Zoyenera malo pa galimoto ndi zija zimene zinagulidwa ndi ndalama kapena zimene njere zake sizibweza mtundu wake: mango omezanitsa, malalanje ndi manachesi omezanitsa, mapeyala omezanitsa, ndi duwa limene munthu anapatsidwa ndi mayi ake kapena mnansi wake wokondedwa, limene mtengo wake sudziwika kwa wina aliyense koma mwini. Duwa lotere ndilibe nalo mawu otsutsa, pakuti pakhomo pachilendo pamazoloweka msanga pakakhala kanthu kamodzi kochokera kwanu.

Lingaliraninso za nyengo ya kumene mukupita. Kasungu ali pamtunda woposa mamita 1,000, usiku wake wa mu Juni ndi Julaye ndi wozizira, ndipo dothi lake lambiri ndi lamchenga. Peyala limene likuvutika kuno lidzakondwa ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Mzuzu, kumene mvula ndi yochuluka, koma lidzasauka m'chigwa cha Shire. Mango adzakula mokondwera ku Nkhotakota ndi ku Salima. Ndipo mtengo umene unabzalidwa kale pansi, pa esiteti kapena pa nyumba ya boma kapena ya mpingo, ausiye mwini wake ndi mtima woyera, pakuti mtengo wa zaka ziwiri ukazulidwa sukhala wa wozulayo kapena wa wotsalayo, umangofa. Amene adzalowe m'nyumbamo adzadya zipatso zake, monga inunso munadya za mitengo imene simunabzale.

Mlendo wobisala m'dothi

Pano ndichedwapo, chifukwa pamenepa ndi pamene munthu wa mtima wabwino angathe kuchimwira mudzi wonse osadziwa. M'zaka za m'ma 1990 matenda a chisaka anaoneka m'nthochi za ku Nkhotakota, ndipo m'zaka zotsatira anafalikira mpaka kuwononga minda ya nthochi ya ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, kotero kuti dziko limene linkadya nthochi zake linayamba kugula za ku Tanzania ndi Mozambique. Tinsabwe ta m'nthochi timafalitsa matendawa pafupipafupi, kuchokera phata lina kupita lina. Koma amene amawaolotsa mitsinje ndi mapiri ndi anthu onyamula ana a nthochi pa msamuko kapena pochokera kocheza. Nthochi yodwala imakhala yopinimbira, masamba ake ang'onoang'ono, oimirira ndi othithikana pamwamba, achikasu m'mbali, ndipo sibereka. Mankhwala ake palibe koma kuizula ndi kuiwononga. Choopsa n'chakuti mwana wa nthochi wochokera pa phata lodwala angathe kuoneka wathanzi tsiku lomukumba, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chotero musatenge ana a nthochi m'dimba limene muli ngakhale phata limodzi lachisaka, ndipo mukafika funsani alangizi a zaulimi kumene kukupezeka mbewu yoyesedwa. Ngati dimba lanu lili loyera ndithu, sankhani ana a masamba osongoka, dulani mizu yonse, sendani tsinde mpaka lioneke loyera lopanda mabowo a nankafumbwe wa nthochi, ndipo muliyendetse lopanda dothi. Kusenda kumeneku kumachotsa tizilombo ta m'mizu, koma chisaka sikuchichotsa.

Chimodzimodzi chinangwa. Khate la chinangwa, limene limapiringiza masamba ndi kuwachititsa mawanga achikasu, ndi matenda ena aja oola m'kati mwa chinangwa amene afala m'mbali mwa nyanja, zonsezi zimayenda m'mitengo ya mbewu, pamodzi ndi kodikodi wobisala pa mfundo. Dulani mbewu pa mitengo ya masamba osalala yokhayokha, muinyamule italiitali, pafupifupi mita imodzi, yomangidwa mtolo, ndipo mukaiduladule masentimita 25 kapena 30 tsiku lobzala. Mbewu ya mbatata, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere zimene zili zofiira m'kati ndi zothandiza maso a ana, itengedwe ku nsonga zanthete, masentimita 30, ikulungidwe m'chiguduli chonyowa, ndipo ikabzalidwe m'dimba asanathe masiku atatu.

Dothi lenilenilo nalonso lili ndi alendo ake. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu kukhala timfundomfundo, ndipo ndi chifukwa chake nazale sabwereza malo amodzi chaka ndi chaka. Timeneti timagwiranso tomato, therere, mabiringanya ndi papaya. Muli dothi lina losunga matenda ofotetsa fodya ndi tomato, ndipo muli la kaufiti, amene tsinde lake limodzi limabala njere zikwi makumimakumi, zazing'ono ngati fumbi, zokhoza kudikira m'nthaka zaka khumi ndi kupitirira. Chifukwa cha ichi, ngati mukusintha dothi la m'machubu pokonzekera ulendo, musatape m'munda wa fodya kapena wa chimanga chogwidwa ndi kaufiti; tengani dothi la pansi pa mitengo ya m'thengo, musakanize ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Gudubuzani chomera chimodzi mwa zingapo muone mizu yake, ndipo mukapeza timfundo totupa, chisiyeni chomeracho. Amene wagwira fodya, kaya wa m'chigafa kaya wosuta, asambe m'manja ndi sopo asanagwire tsabola kapena tomato, pakuti matenda a mawanga a fodya amayenda pa zala.

Kukhwimitsa

M'mera mpoyamba, ndipo ulendo wa chomera umayamba galimoto isanabwerekedwe. Kumbukirani zimene mumachita ku nazale mvula yobzalira ikayandikira: mumachepetsa kuthirira, mumachotsa udzu wophimba, mumameta masamba, kuti mbande zikhwime ndi kupirira tsiku lowokera. Zomwezo muchitire kamtengo kanu. Kudakali milungu itatu lekani kuthira feteleza, chifukwa feteleza amatulutsa mphukira zanthete zimene zimayamba kufota pa ulendo. Nyamulani chubu chilichonse muone pansi pake. Kawirikawiri mudzapeza kuti mizu yaboola pulasitiki n'kulowa m'nthaka, ndipo kamtengo kamene kamaoneka kathanzi kwambiri ndi kamene kakudya pansi mobisa. Mizu imeneyi muidule ndi mpeni wakuthwa tsiku lomwelo, muike chubucho pa njerwa kapena pa pepala la pulasitiki pamthunzi, muthirire. Masamba adzagwa mphwayi masiku awiri kapena atatu, kenaka adzadzuka, ndipo mizu yatsopano idzamera m'kati mwa chubu. Koma mukadikira kufikira m'mawa wa ulendo n'kukazula mothothola, kamtengoko kadzakumana ndi mabala, dzuwa ndi mphepo pa tsiku limodzi, ndipo n'kamodzikamodzi kamene kamapulumuka.

Patatsala mlungu umodzi, chotsani maluwa ndi tizipatso tonse, ngakhale mtima ukukana, ndipo muchepetse masamba, gawo limodzi mwa magawo atatu, poyambira akale a m'munsi ndi nthambi zotambalala. Masamba akuluakulu muwadule pakati. Chifukwa chake n'chakuti chomera chimataya madzi kudzera m'masamba, ndipo masamba akachepa, madzi a m'chubu amakwanira ulendo wonse. Pa mtengo womezanitsa zikani kandodo m'mbali mwa chubu, mumange thunthu m'malo awiri, pansi ndi pamwamba pa mfundo yomezanitsira, ndi kansalu kapena luzi lofewa, pakuti pamfundo pamenepo ndi pamene pamathyoka galimoto ikagwa m'dzenje, ndipo pakathyoka mwatsala ndi mtengo wamba.

Zomera za m'miphika yadothi ndi m'mabeseni akale zisamutsiridwe m'matumba a pulasitiki oboola pansi kapena m'zigubu zodula pakati, nthawi yomweyo ya milungu itatu. Mphikawo uyende padera, wodzazidwa ndi zovala. Madzi otsiriza muthire madzulo a dzana lake kapena dzulo lake la ulendo, kuti dothi likhale lachinyezi chogwirana. Dothi lothiridwa m'mawa womwewo limasanduka phala, limalemera, limakhutukira pa ufa ndi pa zofunda, ndipo likamagwedezeka limadula timizu tating'ono timene chomera chimamwera.

Pa msewu

Kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M1, kudzera pa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, ndi makilomita pafupifupi 130. Koma wopita ku Thyolo kapena ku Mulanje ali ndi makilomita opitirira 450, ndiye kuti tsiku lathunthu pa lole yodzaza, mwina ndi usiku womwe. Anthu ambiri amaopa dzuwa, ndipo akuchita bwino, koma mdani wamkulu pa lole yosatseka ndi mphepo, imene imaumitsa ndi kung'amba masamba m'maola awiri okha, ngakhale kunja kuli mitambo. Chifukwa chake malo a zomera ndi kumbuyo kwenikweni kwa chipinda cha dalaivala, pansi, potetezedwa ndi matumba a chimanga mbali zonse. Pamwamba pa katundu, pamene anthu amakonda kuziika poopa kuti zingaphwanyike, ndi pamene zimafera.

Imikani machubu mothithikana m'dengu, m'beseni kapena m'kreti, mipata yake muitseke ndi udzu, makoko a chimanga kapena utuchi kufikira mutagwedeza dengulo osamva kanthu kosuntha. Pakamwa pa chubu chilichonse ikanipo udzu wonyowa, mumange, kuti dothi lisatayike. Zikani timitengo tinayi m'mbali mwa dengu, totalika kuposa zomera, mufunditsepo chiguduli chonyowa, chimodzi mwa zija zotsala pomanga mabelo. Chiguduli chimatchinga mphepo koma chimalola mpweya kudutsa, ndipo madzi ake akamauma amaziziritsa za m'kati. Pepala la pulasitiki kapena lona yokutira mothina ndi yoopsa, pakuti dzuwa likaomba m'kati mumatentha kufikira masamba kupsa. Ndipo pa chifukwa chomwecho zomera zisatsekeredwe m'buti ya galimoto kapena pafupi ndi injini ya minibasi. Ponyamula gwirani pansi pa chubu ndi manja awiri, ndipo anyamata okweza katundu muwauze mwaulemu koma momveka kuti asagwire pa thunthu.

Malo akewo asungidwe pokweza katundu, kuti zomera zikwere potsiriza ndi kutsika poyamba. Nyamukani mbandakucha, makamaka ngati msamuko wagwa mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo poima kuti anthu adye, pemphani adalaivala aimike pamthunzi, inu muwaze madzi pa chiguduli. Chigubu cha malita asanu chisungidwire ntchito imeneyi yokha. Wa pa njinga amange dengu pa kaliyala atayalapo chiguduli chopindapinda, ndipo wa pa ngolo ayale udzu wochindikala, pakuti ngolo ilibe chofewetsa mabampu. Ulendo ukagonera, tsitsani dengu, mulivundukule, ligone panja pa mame, pamalo pamene mbuzi sizifika.

Amene akutuluka m'dziko, kaya kudzera pa chipata cha Mchinji kupita ku Chipata, kaya pa Dedza kapena Mwanza kulowa m'Mozambique, adziwe kuti malamulo oteteza mbewu salola zomera zamoyo kuoloka malire popanda chiphaso chosonyeza kuti zayesedwa ndipo zilibe matenda, ndiponso dziko lolandiralo limafuna chilolezo chake. Dothi ndilo limakanizidwa kwambiri. Ziphaso zimenezi zimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, imene ili ndi malo ake ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Lunyangwa. Safunsa anadya phula. Funsani kudakali nthawi, ndipo ngati zomera zake ndi ziwiri kapena zitatu, nzeru yabwino ndi kuzisiyira abale n'kukagula zina kumeneko.

Pofika

Musafulumire kubzala. Tsitsani dengu pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde losaomba mphepo, masulani zomangira, thirirani pang'onopang'ono kufikira madzi atatulukira pansi, ndipo muzisiye zipumule mlungu wathunthu. Masamba ena adzachita chikasu n'kuyoyoka, ndipo zimenezi zisakutayitseni mtima. Palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo, mukaona zobiriwira m'kati, moyo ulipo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mlungu wachiwiri muzizitulutsa pa dzuwa la m'mawa lokha, kenaka muziwonjezera maola tsiku ndi tsiku. Masiku amenewa zikhale patali ndi mbewu za eni mudzi, kuti ngati mwabwera ndi nsabwe kapena kodikodi muzione zisanafalikire. Zikaoneka, tsukani masamba ndi madzi a sopo wochepa. Feteleza adikire kufikira mphukira zatsopano zitatuluka.

Kumbukiraninso kuti mwafika m'chilimwe, pamene ziweto zatayiriridwa m'minda yokololedwa, ndipo mbuzi imodzi imatha m'kanthawi kochepa ntchito imene mwaivutikira chaka chonse. Kampanda ka minga kapena ka tsekera kamangidwe tsiku lofika lomwelo. Machubu akhale pa njerwa, ndipo pansi pake muwazepo phulusa chifukwa cha chiswe.

Musanakumbe dzenje, kaonaneni ndi eni malo, kaya ndi amfumu, kaya eni nyumba, kaya akuchikazi ngati mwapita chikamwini, pakuti kwathu kuno kubzala mtengo ndi mawu, ndipo milandu yambiri ya malo inayambira pa mango amene mlendo anabzala osapempha. Mukaloledwa, kumbani dzenje la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya kwake, dothi lapamwamba mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana, mulibwezere m'dzenjemo, lidikire. Ngati muli pafupi ndi chitsime kapena mjigo ndipo mungathe kuthira ndowa imodzi kawiri pa mlungu, mukhoza kubzala patatha milungu iwiri kapena itatu. Ngati madzi ali kutali, kamtengoko kakhale m'chubu pamthunzi, mukusuntha chubucho mlungu ndi mlungu kuti mizu isalowe pansi, kufikira mvula itakhazikika mu Disembala. Tsiku lobzala likhale la mitambo, kapena mubzale dzuwa litapendeka: ng'ambani chubu ndi lezala m'mbali, osagumula dothi, dulani muzu uliwonse wopiringizika pansi, ikani kamtengo mofanana ndi m'mene kanalili m'chubu, mfundo yomezanitsira ili pamwamba pa nthaka, tsenderani dothi ndi manja, thirirani, ndipo muphimbire ndi udzu wouma mosiya mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira thunthu kuti chiswe chisakwere. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa mfundoyo muzizibudula zikadali zazing'ono, ndipo maluwa a chaka choyamba muwachotse, kuti mphamvu zonse zipite ku mizu ndi nthambi.